Funso Lachitatu la Makina Ogwira Bodza

Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zitatu ndakhala ndikutsegula ndi kutseka zitseko za ndende ya amayi, ndipo sindinalowetsemo ngakhale ndudu imodzi. Ndayamba ndi zimenezi kuti musamamve nkhani yanga uku mukundiyang'ana cham'mbali. Dzina la ndendeyo sinditchula, oidziwa aidziwa. Ine ndine Ndaona Likongwe wa ku Matero, mu Lusaka, ndipo ndinali nditatsala ndi zaka zitatu zokha kuti ndipume pantchito mwaulemu, ndi kalata yoyera.

Mu Juni, tikusecha zipinda, tinapeza mafoni anayi atawasokerera mkati mwa matiresi. Zikanathera pomwepo, koma zinamveka kuti mkaidi wina ankaimbira mboni za mlandu wake n'kumaziopseza. Akuluakulu analusa. Foni siyenda yokha, ndipo alendo timawasecha mpaka m'tsitsi, ndiye aliyense anadziwa kuti wolowetsa ndi mmodzi wa ife ovala yunifomu.

Patapita milungu iwiri anakhoma kalata pakhomo la ofesi. Inati aliyense wogwira ntchito m'gawo lathu, kuyambira abwana mpaka wophika, ayezedwe ndi makina ogwira bodza. Wokana, ndiye kuti wadzichotsa yekha. Wolephera, aimitsidwa mpaka kafukufuku athe, ndipo tonse timadziwa kuti kafukufuku wa mtundu umenewo satha. Anatipatsa pepala loti tisaine kuti tavomera mwa kufuna kwathu. Kufuna kwathu kwake kuti? Koma ine ndinasaina woyamba, monyada ndithu, chifukwa ndinalibe chobisa.

Mnzanga Chishimba ndiye anayezedwa Lolemba. Lachiwiri titaweruka tinaima limodzi pamalo okwerera basi, ndipo anandifotokozera m'Chinyanja chake cha m'tauni.

"Ba Ndaona, kulibe vovuta," anatero. "Bakumanga tunthambo pa chifuba na ku minwe, ndiye bayamba kufunsa vinthu va ziii. Zina yako ni Chishimba? Lelo ni Mande? Unabadwila mu Zambia? Pambuyo pake ndiye bafunsa va mafoni. Imwe mukangene chabe na kuchoka."

Tsiku langa linali Lachinayi. Lachiwiri lomwelo ndinafika kunyumba dzuwa likadalipo, n'kupeza amayi ali pakhonde akusankha kapenta m'lichero. Amayi anga ndi a zaka zoposa makumi asanu ndi awiri, maso anayamba kuchita khungu, koma makutu ndi akuthwa kuposa a mwana. Anabwera ku Lusaka ali mtsikana kutsatira abambo, amene anali telala pakhonde la sitolo ina ku Kamwala. Mpaka lero salankhula Chinyanja cha m'tauni, amati n'chosweka. Ndinakhala pampando, ndinavula nsapato, n'kuyamba kuwasimbira za Chishimba ndikuseka.

"Taganizani amayi, makina ochokera kunja, odula chotero, kudzandifunsa ngati ndinabadwira m'Zambia. Akanangobwera kudzafunsa inu."

Amayi sanaseke. Manja awo anaima m'lichero.

"Chinthucho chimachita bwanji munthu akanama?" anafunsa.

"Akuti chimaonetsa. Kaya chimalira, kaya chimalemba, ine sindidziwa."

"Ndiye chimadziwa zoona zake."

"Ndi ntchito yake imeneyo."

Anaika lichero pansi. Anati agogo awo ankawauza za mwavi, kuti wosalakwa ankasanza koma wabodza sankadzukanso, ndipo mwavi sunkafunsa ngati bodzalo ndi lalikulu kapena laling'ono. Ine ndinati amayi, izi ndi za magetsi, si za kumudzi. Anandiyankha kuti za magetsi ndiye zoopsa kwambiri.

"Sendera kuno, Ndaona. Sindingakuone ukupita kudzenje ine ndikulidziwa. Iwe sunabadwire kuno."

Ndinaganiza kuti ukalamba wayamba kuwasokoneza. Koma anafotokoza bwinobwino, mosadumpha kanthu. Mwana woyamba sabadwira kuchilendo, ndiwo unali mwambo wa kwawo, ndipo amayi awo anatumiza mawu kawiri konse. Mimba itafika miyezi isanu ndi iwiri abambo anawakweza basi, anapita kwawo ku Ntcheu. Ndinabadwira m'nyumba ya agogo anga, ndipo mchombo wanga unakwiriridwa komweko. Anabwerera nane ndili ndi miyezi inayi, ndili kumsana, ndipo pamalire palibe amene anafunsa za khanda. Nthawi yolembetsa itakwana, abambo anangonena kuti mwana anabadwira m'nyumba ku Matero, monga ana ambiri masiku amenewo, ndipo mayi wina woyandikana nawo anachitira umboni. Abambo anamwalira, mayi uja anamwalira, agogo anamwalira. Wodziwa anatsala mmodzi, ndipo anali atakhala patsogolo panga.

"Ndiye ukafika kumeneko ukanene zoona," anatero. "Boma silingakwiyire khanda. Unali ndi miyezi inayi."

Ndinapsa mtima, ndisaname. Ndinaimirira osavala nsapato n'kuyamba kuzungulira pabwalo ngati nkhuku yofuna poikira. Ine amene ku sukulu ndinathyola dzino la mtsikana wina chifukwa chonditchula kuti mlendo. Ine amene ndikakangana ndi kondakitala ndimati usandiuze za Matero, ndinabadwira momwe muno. Reji yanga, chitupa chimene aliyense wa dziko lino amayenda nacho, imati Lusaka. Mapepala onse amene ndinalemba polowa ntchito amati Lusaka, ndipo pansi pake ndinasaina kuti ndalumbira kuti zonse ndi zoona.

"Zaka makumi asanu, amayi. Munali kuti zaka zonsezi?"

"Panalibe wofunsa, mwanawe."

Lachitatu ndinapempha kuweruka masana. Mutu umodzi susenza denga, ndiye ndinapita kutauni kukaona mlongo wanga Jameson, amene amanyamula mafayilo pa ofesi ina ya maloya. Si loya, koma wakhala pakati pawo zaka khumi ndi zisanu ndipo kunyumba timamutenga ngati khoti. Anatuluka nane panja, tinaima pafupi ndi mayi wogulitsa chinangwa chootcha. Ndinamuuza zonse. Choyamba chimene anafunsa chinali chakuti, "Nanga ine?" Nditamuuza kuti iye ndi abale athu ena onse anabadwira kuno, ndinaona mapewa ake akutsika. Sindinamudzudzule, inenso ndikanatero.

"Lamulo likuti chiyani pa makina amenewa?" ndinamufunsa.

"Ba sisi, mmene ndimamvera kwa mabwana anga, khoti silingamange munthu chifukwa cha makina okha. Koma kuntchito si kukhoti. Munasaina?"

"Ndinasaina."

"Ndiye mwavomera. Mukakana tsopano, akuchotsani. Mungathe kukasuma, koma mlandu wotero umatha munthu atakalamba."

"Nanga ndikanena zoona, monga akunenera amayi?"

Anandiyang'ana ngati ndanena kuti ndikufuna kudumphira m'chitsime. Anati ndisayerekeze. Ndikangonena kuti ayi, nkhani ya mafoni itha, iyamba nkhani ya reji, ndipo imeneyo sithera pa ntchito pokha. Mwina m'malamulo muli khomo lotulukira munthu ngati ine, mwina mulibe, iye sakudziwa, ndipo kuti tidziwe tiyenera kuuza munthu wina. Ndani amene angauze?

"Ndiye nditani, Jameson?"

"Mukanene kuti eya. Mwakhala mukunena zaka zonsezi. Musakaganize chabe."

Musakaganize. Mawu otsika mtengo amenewo. M'basi yobwerera ku Matero ndinayesa. Ndinadzifunsa chamumtima kuti kodi unabadwira m'Zambia, n'kuyankha kuti eya, chala changa chili pamtsempha wa dzanja. Mtima unadumpha. Ndinayesanso titadutsa pamsika, unadumphanso. Ndinayesa mpaka mayi amene ndinakhala naye anandifunsa ngati ndikudwala. Funso limene Lolemba ndikanaliyankha ndikuyasamula linali litasanduka minga.

Lachinayi m'mawa amayi anadzuka ine ndisanadzuke, anandisitira yunifomu ndi maso awo osaonawo, ndipo anandipempherera pakhomo atandigwira mutu. Anati Mulungu amakonda woona mtima. Ndinangonyamuka.

Makinawo anawaika m'kachipinda kosungira mafayilo akale, kopanda zenera. Ndinkayembekezera chinthu chachikulu, koma panali kompyuta ya m'manja, kabokosi kakang'ono ndi zingwe. Woyeza anali bambo wa kampani ina yapadera, wovala taye, dzina lake Nsofwa. Anali waulemu, ndipo ulemu wakewo unandipweteka kuposa chipongwe. Anandipatsa mpando, anandifunsa ngati ndadya, ngati ndimamwa mankhwala a mtima, kenako anati andifotokozere kaye mmene makina amagwirira ntchito kuti ndisaope.

"Ba mayo, banthu bambili baganiza ati iyi makina ni mfiti," anatero akumwetulira. "Iyayi. Siziba chilichonse. Sinaliko pamene mafoni yanangena. Imvela chabe mutima, kupema na thukuta. Munthu akakamba vamene akhulupilila, ikhala chete."

Ndinamufunsa, ndikuyesa kuti mawu anga amveke ngati a munthu wongofuna kudziwa, kuti nanga munthu akanena chinthu chimene si choona, koma iye osadziwa kuti si choona?

"Apita bwino," anatero. "Kuli makina, uyo munthu akamba zoona."

Pamenepo ndiye ndinamvetsa chimene chinandichitikira. Zaka makumi asanu amayi anasunga chinsinsi chawo, ndipo chinsinsicho chinkanditeteza. Anachitulutsa masiku awiri okha lisanafike tsiku limodzi lokha m'moyo wanga limene ndinafunika kusachidziwa. Akanapitiriza kusankha kapenta wawo, ine ndikanalowa ndi kutuluka monga ananenera Chishimba. Ndinafuna kulira, ndinafuna kuseka, koma bambo uja anali atayamba kale kuwerenga mafunso kuti ndiwamve tisanayambe.

Analipo khumi. Loyamba dzina, lachiwiri tsiku. Funso lachitatu, kodi munabadwira m'Zambia. Funso lachinayi, kodi munalowetsapo foni m'ndende. Kutsogoloko kunali lina lofunsa ngati ndinalembapo bodza pa mapepala a ntchito. Atamaliza anakweza maso.

"Pali funso yamene simunamvele, olo yamene mufuna tichinje?"

Khomo linali limenelo, ndipo ndinaliona. Koma munthu unganene bwanji kuti chotsani funso la kumene ndinabadwira? Akanafunsa chifukwa, ndipo cholembera chinali kale m'manja mwake.

"Palibe," ndinatero.

Anandimanga zingwe ziwiri, china pachifuwa china pamimba, lamba wopopa pamkono ngati wa kuchipatala, ndi tizitsulo pa zala ziwiri. Anandiuza kuti ndiyang'ane khoma, ndisagwedezeke, ndiziyankha eya kapena ayi basi. Ine amene ndamanga anthu maunyolo osawerengeka, ndinakhala pamenepo ngati mbuzi ya pamsika.

"Zina yanu ndimwe Ndaona Likongwe?"

"Eya."

"Lelo ni Chinayi?"

"Eya."

Pakati pa funso ndi funso ankadikira nthawi, ndipo m'kachetechete ameneyo ndinadziuza kuti usaganize, usaganize. Ndiye ndinaona basi yafumbi, mtsikana atakhala pawindo, khanda lili kumsana.

"Munabadwila mu Zambia?"

"Eya."

Mtima unagunda mpaka m'makutu. Ndinamva lamba wa pamkono akundifinya, mpweya unakana kutsika, zala zinanyowa. Ndinayesa kuubweza mtima koma unali utathawa kale, ndipo usanabwerere funso lachinayi linafika.

"Munangenesapo foni mu jele?"

"Ayi."

Chinali choonadi choyera ngati mchere, koma chinatuluka m'kamwa mwa munthu amene thupi lake lonse linali kunjenjemera. Anabwereza mafunso onse katatu, akusintha ndondomeko yake. Sizinathandize. Ulendo wachiwiri ndinayamba kuopa funso lija lisanafike, ndipo mantha anadzaza mafunso onse. Ulendo wachitatu ngakhale dzina langa lenileni linandigundisa mtima.

Atandimasula anayang'ana kompyuta yake nthawi yaitali. Kumwetulira kuja kunali kutatha.

"Ba mayo, pali chamene chikuvutani," anatero motsitsa mawu. "Mukaniuza, ningalembe mu lipoti, kapena chingakuthandizeni."

Ndikunena zoona, mawu anafika pakamwa. Ndinafuna kumuuza kuti mwana wanga, ine mafoni sindiwadziwa, chimene wawona pamenepo ndi mwambo wa ku Ntcheu. Koma ndinakumbukira nkhope ya Jameson. Ndinamuuza kuti palibe, ndangotopa. Analemba kanthu kena, n'kundithokoza chifukwa chobwera.

Madzulo amayi anandifunsa, ndinangoti zotsatira zituluka mawa, n'kulowa kuchipinda.

Lachisanu cha m'ma teni anandiitana ku ofesi. Abwana athu ndi mayi Monde, amene anabwera ali kamtsikana kongochoka kumaphunziro, ndipo ndine ndinawaphunzitsa kugwira makiyi ndi kuwerenga akaidi. Sanathe kundiyang'ana. Anakankha envelopu patebulo, m'kati muli kalata yondiimitsa ntchito.

"Ba Ndaona, ine niziba kuti si imwe," anatero. "Aliyense muno aziba. Koma pepala yakamba, na ine nilibe mphamvu. Pa banthu bonse, mwagwa babili chabe."

Winayo anali wophika wina wamantha amene amanjenjemera ngakhale ukamupatsa moni. Amene ine ndimamukayikira pa nkhani ya mafoni anapambana bwinobwino, ndipo ndinamuona m'mawa womwewo akuseka pachipata. Munthu wonama tsiku ndi tsiku mtima wake unazolowera, sudumphanso. Koma ndilibe umboni, ndiye dzina lake ndilisunga.

Mayi Monde anati pali njira imodzi imene anandimenyera nkhondo. Pakatha mwezi ndikhoza kupempha kuyezedwanso, ndipo ndikapambana andibwezera pantchito tsiku lomwelo. Ananena mosangalala, ngati akundipatsa mphatso.

"Mafunso ake adzakhala omwewo?" ndinafunsa.

"Yamene yaja. Lamulo ikamba ati yasachinje."

Ndinawathokoza. Ndikanati chiyani? Andiyeze pakatha mwezi, andiyeze pakatha zaka khumi, funso lachitatu lidzandipeza ndikudziwa chimene ndikudziwa. Madzi akatayika saoleka. Ndinamasula makiyi palamba, ndinawaika patebulo, ndipo anandiperekeza mpaka pachipata monga timachitira ndi alendo. Mlonda wa pachipata, amene ndadya naye chimanga chootcha zaka khumi, anayang'ana kumbali.

M'basi ndinakonza mawu. Ndinawakonza bwino, akuthwa, oti amayi akawamve mpaka m'mafupa. Mukanakhala chete. Mwandichotsa ntchito ndi pakamwa panu. Mwavi wanuwo wapha mwana wanu yemwe. Ndinatsika pasiteji ndikuwabwereza, ndinadutsa pa ogulitsa malasha ndikuwabwereza, ndipo pofika pageti anali atandidzaza pakhosi.

Amayi anali pakhonde, atavala chitenje chawo cha kutchalitchi ngakhale linali Lachisanu. Anamva mapazi anga.

"Wafulumira lero," anatero. "Bwera, ndiuze. Ine chiyambire Lachiwiri sindinadye masana, ndakhala ndikukupempherera. Koma ndikuuze, mwanawe, chinthu chimene chija chinkandilemera. Abambo ako anapita nacho kumanda, ine ndinkaopa kuti ndipita nachonso. Masiku atatu awa ndagona tulo ngati mwana."

Nkhope yawo inali yowala, sindinaionepo chotero chimwalirire abambo. Anatambasula dzanja kundifunafuna, ndipo ndinawapatsa langa.

"Unawauza zoona?"

"Ndinawauza, amayi."

"Chinalira chinthu chija?"

"Sichinalire."

"Nanga akuluakulu anati chiyani za ku Ntcheu?"

"Anati ndi nkhani yakale. Andipatsa tchuthi, akuti ndatumikira nthawi yaitali, ndipume kaye."

"Waona," anatero, akundisisita dzanja. "Ndikanakhala chete bwenzi lero uli pamavuto."

Ndinati eya, amayi. Ndinalowa m'nyumba, ndinatseka chitseko cha kuchipinda, ndinakhala pabedi ndi yunifomu yanga, envelopu ili pamiyendo. Panja ndinawamva akuitana mayi wa nyumba yoyandikana ndi yathu kuti abwere pampanda, adzamve mmene mwana wawo wapambanira makina a boma.